Sikelo ikabwereza bodza katatu: yankho pa mawu a sayansi a m'Chingerezi

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira ntchito ya mu labotale ya zachipatala. Iye akuti mphunzitsi wake anamudula malikisi pa lipoti chifukwa analemba "accurate" pamene panayenera kukhala "precise", ndipo atatsegula dikishonale anapeza kuti liwu lililonse mwa awiriwa likumasuliridwa ndi linzake. Akufunsa ngati mawuwa amasiyanadi, ndipo kumapeto wawonjezera kuti mwina iye sanabadwire sayansi poti Chingerezi chake n'chosakhwima.

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse ndimaima pa chiganizo chotsirizacho, chifukwa mawu omwewo ndinawanenapo ine mwini chamumtima zaka zoposa 30 zapitazo, ndili mnyamata wa chaka choyamba ku koleji ya uphunzitsi. Mundilole ndifotokoze kaye zimene zinandichitikira, pakuti yankho limene ndili nalo linabadwira mmenemo.

Tsiku lina tinapatsidwa ntchito yoyeza mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi. Zipangizo zake zinali zochepa: chingwe, kachitsulo kobulungira komangirira kumapeto kwake, rula, ndi wotchi yowerenga masekondi. Umakankha kachitsuloko pang'ono kuti kazilendewera uku ndi uku, n'kuwerenga nthawi imene katenge kuti kapite ndi kubwerera maulendo 20, kenako n'kulowetsa nthawiyo pamodzi ndi kutalika kwa chingwe m'masamu odziwika kale. Ine ndi mnzanga tinaigwira ntchitoyo modekha ndi mosamala koposa. Tinabwereza kakhumi, ndipo mayankho khumi onsewo anagwera pakati pa 9.27 ndi 9.36. Nditawaphatikiza n'kugawa, kakyuleta inandipatsa 9.3127, ndipo ndinakopera manambala onsewo mu lipoti langa, n'kulemba pansi pake kuti zotsatira zathu zinali "very accurate". Lipoti litabwerako ndinapeza mphunzitsi atazunguliza nambalayo ndi inki yofiira, pambali atalembapo mawu anayi okha akuti "precise but not accurate". Yankho loyenera linali pafupi ndi 9.8.

Usiku umenewo ndinachita zomwe mwachita inuzi. Ndinatsegula dikishonale pa "precise" n'kupezapo "exact" ndi "accurate", ndinabwerera pa "accurate" n'kupezapo "exact" ndi "precise", ndipo ndinaona ngati mphunzitsi wandiuza kuti ndakhoza ndi kulakwa pa nthawi imodzi. Kufunsa ndinkachita nako manyazi, chifukwa anzanga ochokera m'sukulu za m'tauni, amene Chingerezi chinali pa lilime, ankagwedeza mitu ngati amva. Patapita zaka ndi pamene ena mwa iwo anandiululira kuti nawonso anali mumdima womwewo, ndipo ndinakumbukira mochedwa kuti safunsa anadya phula. Cholakwa chathu chinapezeka sabata yotsatira. Tinkayeza chingwe kulekezera pa mfundo, pamene kutalika kofunika m'masamuwo kumafika pakatikati pa kachitsuloko, masentimita awiri ndi theka kutsikira m'munsi. Pa chingwe cha masentimita 50, kuphonya kumeneku kumatsitsa yankho ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo kumalitsitsa mofanana ulendo uliwonse, ngakhale munthu atabwereza kufikira tambala atalira. Tinakonza, yankho linabwera bwino, koma mawu awiri aja anakhalabe kwa ine chinthu choloweza pamtima osati chomva.

Amene anandimasulira mawuwa anali mayi anga, omwe analekezera Sitandade 3 ndipo Chingerezi sankachidziwa. Pa holide ya chaka chomwecho ndinawaperekeza kukagulitsa mtedza kwa wogula wina amene anakoleka sikelo yake pa nthambi ya mtengo wa mango pa kamsika ka kwathu. Mayi anali atayeza mtedzawo ndi ndowa yawo kunyumba, ndipo pa zaka zambiri zimene anachita malondawa ankadziwa kuti thumba lodzaza choncho limafika pa makilogalamu 50 kapena kuperewera pang'ono chabe. Sikelo inaloza pa 44. Mayi atadandaula, wogulayo anatsitsa thumba n'kulikolekanso, sikelo n'kulozanso pa 44, ndipo anachitanso kachitatu, muvi n'kuima pomwepo. Kenako anatambasula manja pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Amayi, mwadzionera nokha, katatu konse yanena chimodzimodzi, sikelo sinama." Mayi anamuyankha mofatsa kuti, "Bambo, munthu wabodza akabwereza bodza lake katatu, silisanduka zoona." Anandiuza kuti ndisenze thumba, ndipo tinakaliyezetsa pa sikelo ina ya pa chigayo, pomwe panatuluka 49 ndi theka.

Ndili m'njira, thumba lili paphewa, mawu a inki yofiira aja anatseguka m'mutu mwanga. Sikelo ya wogulayo inali "precise", kutanthauza kuti inkagwirizana ndi iyo yokha: uifunse kangati, idzakuyankha chimodzimodzi. Koma sinali "accurate", chifukwa yankho lakelo linali kutali ndi kulemera kwenikweni kwa thumba. Awa ndi mafunso awiri osiyana, ndipo chida chilichonse choyezera chiyenera kufunsidwa onse awiri. Loyamba limati, kodi miyeso yako imaunjikana pamodzi kapena imamwazikana? Lachiwiri limati, kodi pamene yaunjikanapo ndi pomwe pali choonadi? Ndowa ya mayi inali mbali inayo, pakuti tsiku lina inkadzaza mosefukira, tsiku lina moperewera, koma mayankho ake omwazikanawo ankazungulira pafupi ndi kulemera kwenikweni.

Tsopano ndikufuna mumve chinthu chimene palibe anandiuza pa nthawiyo: dikishonale yanu sinakunamizeni. M'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku mawu awiriwa amasinthanadi malo, ndipo munthu wobadwira ku London kapena ku Chicago amene sanaphunzire za miyeso amawasakaniza monga mwachitira inumu. Liwu la "accurate" linachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake ndi "cura", kutanthauza chisamaliro, moti pamene linkalowa m'Chingerezi linkanena za ntchito yogwiridwa mosamala. Liwu la "precise" linadzera ku Chifalansa kuchokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kudula, ndipo ndi pachibale ndi "concise" komanso "decide". Chithunzi chake ndi cha chinthu chodulidwa mwaukhondo, chopanda nyenyeswa m'mbali. Mulibe m'mizu imeneyi chilichonse chonena kuti liwu ili ndi la kuyandikana kwa miyeso ndipo ilo ndi la kufika pa choonadi. Kusiyanitsako kunabwera chifukwa anthu ogwira ntchito ya miyeso anali ndi mafunso awiri ndipo ankafuna maina awiri, choncho anatola mawu amene analipo kale n'kugwirizana kuti awapanikize, lililonse ligwire ntchito imodzi. Ngakhale mgwirizanowo sunakhazikike msanga. Mu 1994 bungwe la miyezo la dziko lonse, ISO, linatulutsa muyezo wotchedwa ISO 5725, umene unaika liwu lachitatu, "trueness", kuti liziimira kuyandikira kwa avereji ya miyeso yambiri ku choonadi, ndipo "accuracy" inakhala dzina lophimba zonse ziwiri, "trueness" ndi "precision" pamodzi. Mabuku ambiri a sekondale akadali pa tanthauzo lakale, pamene ma labotale otsatira miyezo ya ISO ali pa latsopanoli. Ngati eni chilankhulo anafunika kukhala pansi ndi kulemba chikalata kuti amvane, simungadzitche wolephera chifukwa simunazitole nokha mu dikishonale.

Ndiponso musaganize kuti kusokoneza mafunso awiriwa ndi matenda a ana a sukulu okha. Mu April 1990 bungwe la ku America lofufuza za mumlengalenga, NASA, linatumiza mumlengalenga telesikopu ya Hubble, yokhala ndi galasi lalikulu la mamita 2.4 m'mimba mwake, limene linapalidwa mosalala kwambiri mwa luso lapamwamba la nthawi imeneyo. Zithunzi zoyamba zitafika, zinali zosaoneka bwino. Kafukufuku anapeza kuti galasilo linali lophwatalala mopitirira m'mphepete mwake ndi pafupifupi ma micrometre awiri, omwe ndi ngati gawo limodzi mwa magawo 50 a kunenepa kwa tsitsi la munthu. Gwero la vutoli linali chida chimene ankayezera mawonekedwe a galasilo polipala, chomwe kagalasi kake kena kanaikidwa mophonya malo ndi mamilimita 1.3. Opalawo anatsatira chidacho mokhulupirika, ndipo anapanga galasi lolakwika mwaukatswiri wodabwitsa. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti zida zina ziwiri zosavuta zinasonyeza kuti pali cholakwika, koma sizinamveredwe chifukwa chida chachikulu chija ndi chimene ankachikhulupirira. Sikelo ya pa chigayo inalipo, koma thumba silinakayezetsedwe kumeneko ndi mtima wofuna kumva. Mu December 1993 oyenda mumlengalenga anakaikako magalasi okonza vutolo, ndipo zinatheka chifukwa cholakwacho chinali chimodzimodzi ponseponse, chodziwika kukula kwake bwinobwino.

Wina akhoza kufunsa kuti, nanga tinadziwa bwanji kuti sikelo ya pa chigayo ndiyo inkanena zoona? Funsoli n'lolemera, chifukwa liwu la "accurate" lilibe tanthauzo ngati palibe muyezo umene onse avomereza. Kuno kwathu bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi ntchito yoyesa masikelo a amalonda ndi miyala ya kulemera kodziwika, ndipo miyala yotere imayesedwanso ndi ina yodalirika kuposa iyo, mpaka mzerewo ukafike pa muyezo wa dziko lonse. Kuyambira mu 1889 kufikira mu 2019 mapeto a mzerewo anali kachitsulo kamodzi ka platinum ndi iridium kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris, ndipo kilogalamu inali kulemera kwa kachitsulo kameneko basi. Atakayerekeza ndi tizitsulo tina topangidwa mofanana nako patapita zaka pafupifupi 100, anapeza kuti tasiyana ndi ma microgram ngati 50 (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), ndipo kuyambira pa 20 May 2019 kilogalamu imatanthauziridwa kudzera mu nambala yosasintha ya chilengedwe yotchedwa Planck constant. Thumba la mtedza la mayi anga linali lomangirizidwa, kudzera mu mzere wautali umenewu, ku mgwirizano wa mayiko wonena kuti kilogalamu n'chiyani.

Pamenepa ndiyenera kunena maganizo anga mosabisa, ndipo ndikuwanena monga munthu amene anaphunzitsa sayansi ku sekondale zaka zambiri ndipo pa zaka zoyambirira anachita cholakwa chomwechi. Timawalakwira ana pamene tiwalembera matanthauzo pa bolodi kuti aloweze asanagwire sikelo, rula kapena wotchi ndi manja awo. Timawalakwira koposa pamene tiwasiya akuganiza kuti Chingerezi ndicho sayansi, moti wolankhula mothamanga amaoneka wanzeru za sayansi ndipo wachibwibwi m'Chingerezi amadziona ngati mlendo pa phunzirolo. Ndaona atsikana ndi anyamata a maso akuthwa, odziwa kuzindikira kuti muyeso uwu ukukayikitsa, akusiya sayansi chifukwa cha mawu, pamene ena oloweza bwino ankakhoza mayeso asakudziwa chimene mawuwo akuloza. Mayi anga anali ndi ganizo lonse la "precise but not accurate" popanda liwu ngakhale limodzi la Chingerezi, ndipo ine ndinali ndi mawu onse anayi popanda ganizo. Sindivomereza konse kuti mwa awirife ine ndiye ndinali pafupi ndi sayansi.

Ngakhale liwu lenilenilo la "science" silinabadwe ndi tanthauzo limene lili nalo lero. Linachokera ku liwu la Chilatini lakuti "scientia", kutanthauza kudziwa, ndipo litalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 linkaimira maphunziro alionse olongosoka, kuphatikizapo a zaumulungu ndi a malamulo a chilankhulo. Isaac Newton ankaitcha ntchito yake "natural philosophy", ndipo mawu amenewa, m'Chilatini, ali m'dzina la buku lake lotchuka la mu 1687. Liwu la "scientist" linasindikizidwa koyamba mu 1834, pamene William Whewell wa ku Cambridge ankalemba ndemanga pa buku la Mary Somerville, ndipo analiumba potengera liwu la "artist". Anthu ambiri ophunzira ku Britain, kuphatikizapo Thomas Huxley, analikana kwa zaka zambiri ndipo ankakonda kutchedwa "men of science". Whewell yemweyo, m'chaka chomwecho, anathandiza wasayansi Michael Faraday kupeza mawu a za magetsi akuti "anode", "cathode" ndi "ion", omwe ana athu amaloweza lero ngati kuti analipo chiyambire. M'Chijeremani liwu la "Wissenschaft" mpaka pano limaphimba mbiri yakale ndi maphunziro a zilankhulo pamodzi ndi fizikisi, zimene zikusonyeza kuti malire a liwu la Chingerezi anaikidwa ndi anthu a malo ena pa nthawi ina.

Za "theory" ndi "law"

Popeza mawu awiri amene mwafunsa ali ndi abale awo omwe adzakutcherani msampha womwewo, ndiwatchuleko. Pokambirana wamba, munthu akati "it is just a theory" amatanthauza kuti ndi zongoganizira, zopanda umboni. M'sayansi liwu la zongoganizira zimene zikudikira kuyesedwa ndi "hypothesis", pamene "theory" ndi kufotokoza kwakukulu kumene kwayesedwa kambirimbiri ndipo kumamanga pamodzi zinthu zambiri zooneka zosiyana. Inu a mu labotale muli ndi chitsanzo pafupi kwambiri. Chiphunzitso chakuti matenda ambiri amayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso chimatchedwabe "germ theory" mpaka lero, ngakhale Robert Koch anaonetsa kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo inu nomwe mudzakaona pa maikulosikopu mukapaka utoto makhololo a wodwala. Palibe amene akudikira umboni wina kuti dzinalo lisinthe.

Ana ambiri amaphunzira molakwika kuti "hypothesis" ikakula imasanduka "theory", ndipo "theory" ikakhwima imakwezedwa kukhala "law", ngati mwana wokwera makalasi. Sizili choncho. "Law" imangonena mmene zinthu zimachitikira, kawirikawiri m'masamu afupiafupi, pamene "theory" imanena chifukwa chake. Lamulo la Robert Boyle la mu 1662 limati mpweya ukapanikizidwa mowirikiza kawiri, kutentha kusanasinthe, malo amene ukutenga amachepa ndi theka. Chifukwa chake chinadzafotokozedwa bwino patapita zaka pafupifupi 200 ndi "kinetic theory", yonena za tizidutswa ta mpweya tothamangathamanga ndi kugunda makoma a chotengera. Apa lamulo ndilo linayamba, ndipo chiphunzitso chinabwera pambuyo kudzalimasulira.

Za "significant"

Liwu ili ndi limene ndimaliopa kuposa onse, chifukwa limavulaza anthu akuluakulu ophunzira, osati ana okha. M'Chingerezi wamba limatanthauza chinthu chachikulu kapena chofunika. M'kafukufuku limatanthauza chinthu chopapatiza kwambiri, chimene chinafala kudzera mwa Ronald Fisher, katswiri wa masamu amene anayamba ntchito pa malo a kafukufuku wa zaulimi ku Rothamsted, ku England, mu 1919, komwe ankasanthula zokolola za m'minda yothiridwa feteleza wosiyanasiyana. M'buku lake la mu 1925 anasonyeza malire a kamodzi pa maulendo 20 kuti ndi osavuta kugwiritsa ntchito. Tanthauzo lake ndi lakuti, kukanakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni pakati pa minda iwiri, zotsatira zosiyana chotere kapena kuposa apa zikanangochitika mwamwayi mosafika kamodzi pa maulendo 20. Liwuli silinena kuti kusiyanako n'kwakukulu, ndipo silinena kuti n'kothandiza. Tiyerekeze kuti mankhwala ena amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kachigawo kochepetsetsa. Atayesedwa pa anthu ochuluka zedi, zotsatira zikhoza kukhala "significant" pamene wodwala sangaone kusintha kulikonse pa moyo wake. Vutoli linakula mpaka bungwe la American Statistical Association linatulutsa chikalata mu 2016 chochenjeza ofufuza enieniwo za kugwiritsa ntchito molakwika muyeso umenewu. Ndamvapo kangapo liwuli likumasuliridwa m'Chichewa kuti "kusintha kwakukulu", ndipo nthawi iliyonse ndimamva chisoni, chifukwa womasulirayo wamasulira Chingerezi cha mumsewu molondola koma wauza anthu chinthu chimene ofufuza sananene.

Chimodzimodzi ndi "error". Mwana wa sukulu akamva liwuli amaganiza za cholakwa choyenera chilango, motero amabisa manambala amene sakugwirizana ndi anzawo, kapenanso kuwasintha. Muzu wake wa Chilatini umatanthauza kusochera kapena kuyendayenda, ndipo pa nkhani ya miyeso limangonena mtunda umene uli pakati pa chimene wayeza ndi choonadi, mtunda umene sutha kwathunthu ngakhale woyeza atasamala motani. "Random error" ndi kumwazikana kuja, kumene kumachepa mphamvu ukabwereza kambiri n'kutenga avereji, ndipo "systematic error" ndi kupendekera mbali imodzi, ngati chingwe changa ndi sikelo ya pa mtengo wa mango, kumene kubwereza sikungakuchiritse. Liwu la "uncertainty" nalo silitanthauza kuti wasayansi ali mu umbuli, koma kuti akunena poyera malire amene choonadi chiyenera kupezekamo. Munthu wolemba kuti thumba likulemera makilogalamu 49.5, kuonjeza kapena kuchotsa theka, akudziwa zambiri za muyeso wake kuposa amene wangolemba 49.5172 chifukwa makina amupatsa manambala amenewo. Pa ntchito yanu mudzakumananso ndi "positive", liwu limene pocheza limamveka ngati uthenga wabwino koma pa pepala la zotsatira limatanthauza kuti chimene ankachifufuza chapezeka. Mbale wanga wina wachikulire, wodziwa Chingerezi cha ku ntchito, anabwera kunyumba ali wosangalala ndi pepala lotero, ndipo ntchito yomufotokozera inagwera ine. Tsiku limenelo sindidzaliiwala, ndipo ndi chifukwa chake nkhani ya mawuyi sindiitenga ngati yongopezera malikisi.

Ena akawerenga zonsezi adzati, ndiye bwanji osangophunzitsa sayansi m'Chichewa kuti vuto lithe? Ena adzati Chichewa chilibe mawu otere ndipo sichingakhale nawo. Onse awiri sindigwirizana nawo. Chichewa chili ndi zipangizo zokwanira: tili ndi kuyeza, kupima, kulinga ndi kuyerekeza, tili ndi ndendende, pafupifupi ndi chimodzimodzi, tili ndi kulasa, kuphonya, kupendekera ndi kumwazikana. Koma mawu athuwa ali ngati mmene analili "accurate" ndi "precise" asanapanikizidwe, otambalala ndi olowerana, ndipo kungowaika m'malo mwa a Chingerezi popanda mgwirizano kungabweretse chisokonezo chomwecho m'chilankhulo china. Ku Tanzania anakhazikitsa bungwe la BAKITA mu 1967 kuti, mwa ntchito zina, lizigwirizanitsa mawu a maphunziro m'Chiswahili, ndipo kuno tili ndi Centre for Language Studies ku Zomba, imene inatulutsa mtanthauziramawu wa Chinyanja. Chofunika n'chakuti akatswiri a chilankhulo, aphunzitsi a sayansi, ogwira ntchito m'ma labotale ndi omasulira nkhani akhale pamodzi, asankhe mawu, awalembe, ndipo awagwiritse ntchito mosasinthasintha kufikira atazolowereka. M'kalasi mwanga ndinkati "kugwirizana kwa miyeso" ponena "precision", ndi "kulasa pa choonadi" ponena "accuracy", ndipo ana ankamva msanga, koma amenewo anali mawu a kalasi imodzi, osadziwika kuseri kwa chitseko.

Tsono pa lipoti lanu, achemwali, chitani izi. Tengani sampulo ya "control" imene mlingo wake ndi wodziwika kale, tinene shuga wa 5.5, ndipo muiyeze maulendo khumi. Mayankho akaunjikana pamodzi, monga 6.1, 6.2 ndi 6.1, lembani kuti njira yanu ndi "precise". Kenako tengani avereji muiyerekeze ndi 5.5, poti apa yatalikira, musalembe "accurate", koma nenani kuti makina akupendekera m'mwamba ndipo akufunika kuwongoledwa ndi muyezo wodziwika. Musalembe manambala ochuluka kuposa amene chida chanu chingawerengedi. Mukatero pitani kwa aphunzitsi anuwo ndi lipotilo pamodzi ndi manambala anu onse, ngakhale amene sakukusangalatsani, muwafunse ngati pa maphunziro anu akutsatira tanthauzo la ISO 5725 lokhala ndi "trueness" kapena tanthauzo lakale la mawu awiri, chifukwa mayeso anu adzachongedwa potsatira limene iwo asankha.